Mlandu wa Mahachi Osaoneka

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zomwe zitabisala pansi pa nkhokwe ndi kuyasama kukamwa, Amfumu a mudzi wina wa kumpoto kwa Chipata, umene njira yake ipatuka pa msewu wa ku Lundazi niyenda mtunda wautali m'dothi lofiira, anaitanitsa nduna zawo, anyakwawa ndi anthu onse okhala nawo makutu, kuti adzamve mlandu umene sunamvekepo chiyambire makolo athu kukhala pansi pa kachere. Pakuti bwalo limeneli linazolowera kuweruza za ng'ombe zolowa m'dimba la eni, za malire a minda, ndi za akamwini othawa khasu mvula ili pafupi. Koma tsiku limenelo linasonkhana kuti liweruze za mpweya, chinthu chimene sichinagulitsidwepo pa msika wa Kapata, ngakhale kuti pa Kapata munthu akhoza kugula chilichonse, kuyambira singano kufikira mankhwala obweza mkazi wothawa.

Umboni woyamba unafika anthu asanathe kupatsana moni. Inali Toyota Corolla yoyera, imene inabadwira ku Japan, niwoloka nyanja pa sitima kufikira ku Dar es Salaam, nilowa m'dziko lino pa Nakonde ndi matayala ake. Koma pabwalo la Amfumu inafika yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri zobwereka, popeza za mwini wake zinagulitsidwa kale kuti iyo igulidwe. Kapaso anaizungulira kawiri ndi ndodo yake, naichenjeza kuti isachite phokoso pamaso pa Amfumu, ndipo galimotoyo inamvera kwathunthu.

Atsibweni a mnyamata woyendetsa galimotoyo ndiwo anatula nkhani, pakuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo mwini mbumba ndiye aima pabwalo. Atagwada ndi kuomba m'manja anati: "Zikomo Amfumu, eni nthaka, mthunzi wa ife ana anu. Ine ndadza ndi misozi ya mlongo wanga, mayi wamasiye, amene anagulira mwana wake galimoto iyi kuti azinyamula anthu kuchokera m'tauni kupita ku chipata cha Mwami, kumalire ndi Malawi, kuti pakhomo pasasowe mchere ndi sopo. Mwanayo anaiyendetsa bwino mpaka tsiku limene anapatukira pansi pa mtengo wina wa mango, kuseri kwa msika, kumene munthu uyu ali ndi sipanala zake. Madzulo ake galimoto inabwera kumudzi ikubangula, agalu nathawira kudambo. Chilimwe chisanathe inayamba kutulutsa utsi wobiriwira ku ekizozi, kenaka kumwa oyilo tsiku ndi tsiku, ndipo sabata yatha injini yanoka. Tifuna bwalo litiuze chimene anaichita."

Pamenepo kapaso anatsegula boneti, naonetsa anthu chinthu chimene chinabala mlandu. Pamalo pamene pakhala bokosi lakuda la sefa ya mpweya panali paipi yonyezimira, ndipo kumapeto kwake kunali chisefa chosongoka, chimene pogulidwa chinali chofiira ndi utoto koma tsopano chinali chofiira ndi dothi. Polumikiza paipiyo ndi injini panali pokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, yosweka ndi kutentha, ndipo nduna yaikulu inalowetsapo chala chaching'ono osavutika. Amayi anati "Kalanga ine!" ngakhale kuti ambiri a iwo sanadziwe chimene anali kulirira.

Woimbidwa mlandu, amene m'nkhani ino tidzangomutchula kuti Amakaniko, anaimirira atavala ovolosi yoyera mbee, imene munthu wanzeru akadaiona tsiku loyamba akadatembenuza galimoto yake nthawi yomweyo. "Amfumu," anatero, "ine mwandiitanira chifundo changa. Galimoto iyi inafika kwa ine ikubanika. Anthu a ku Japan aja anaitsekera mpweya m'bokosi, naika pepala pakhomo, naonjezanso kabotolo kena kapulasitiki kopanda ntchito; ine ndinachotsa zonsezo, ndinaika koni ya mpikisano, yomwe aika anzathu akunja, ndipo injini inapuma. Mpweya wambiri, moto wambiri. Moto wambiri, liwiro. Ndinaionjezera mahachi 20, Amfumu, ndipo sitika yake ndi iyo pa galasi lakumbuyo."

"Mahachi 20?" anafunsa Amfumu, akuweramira kutsogolo. "M'mudzi muno, mwana wanga, ngakhale bulu timachita kubwereka. Ali kuti mahachiwo?"

"Ali m'kati, Amfumu."

Amfumu analamula kapaso kuti akawatulutse, kuti bwalo liwaone ndi maso. Kapaso analowetsa mutu m'boneti kwa nthawi yaitali ndithu, nayang'ananso pansi pa galimoto ndi m'buti, nabwerera ndi chiwala chimodzi chouma, chimene anachipereka kwa nduna yaikulu ndi manja awiri.

Mnyamata atafunsidwa chifukwa chimene anakhulupirira kuti mphamvu yaonjezeka, anayang'ana pansi nati, "Inkalira bwino, Amfumu."

Tsono anaitanidwa Aphunzitsi opuma ntchito, amene anaphunzitsa sayansi zaka zambiri pa sukulu ina ya sekondale m'tauni, kuti aunikire bwalo. Iwo anapukuta magalasi awo nati: "Amfumu, munthu uyu wayamba ndi zoona natsiriza ndi bodza, monga achitira onse odziwa malonda. Injini ifunadi mpweya: pa kilogalamu imodzi ya petulo ifuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti zonse zipse bwino, ndipo mpweya ukachuluka kompyuta ionjeza petulo, mphamvu nikula. Koma chimene injini iwerenga ndicho kulemera kwa mpweyawo, ndipo mpweya ukatentha upepuka. Bokosi limene anachotsa linali ndi khosi lake lokoka mpweya wakunja, kutsogolo kwa galimoto. Chofiira ichi anachikhazika m'kati mwa boneti, pambali pa injini, pamene kutentha kukhoza kufika madigiri 60 galimoto ikaima pa siteji kudikira anthu, kunja kuli 30. Pa kusiyana kotere mpweya utaya pafupifupi limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake. Kumbukiraninso kuti Chipata ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka kale. Munthu wofuna kupuma bwino salowetsa mutu m'khitchini pamwamba pa mafuwa. Ndiponso injini iyi ya malita 1.5, imene inatuluka ku fakitale ndi mahachi ngati 110, ikamayenda ndi anthu ndi matumba a mbatata kupita ku Mwami, chimene chichepetsa mpweya si sefa ayi, koma kachitseko kamene phazi la dalaivala litsegula pang'ono chabe. Chotero ngakhale sefa yeniyeni ya mpikisano, yoikidwa ndi odziwa, ikapereka mahachi awiri kapena atatu, iwapereka pamene injini ikuzungulira pamapeto penipeni pa mphamvu yake, kumene takisi sifika. Tsono wina akandibwereka choko..."

"Aphunzitsi, belu lalira," anatero Amfumu, ndipo Aphunzitsi anakhala pansi ali ndi mawu kukamwa.

Mboni zotsatira sizinataye nthawi. Bokosi lakale linaitanidwa, koma linatumiza mawu opepesa kuti silingabwere, popeza kunyumba kwa Amakaniko linapatsidwa udindo watsopano, ndipo nkhuku inali ikufungatira mazira m'menemo. Sensa, kawaya kotentha kamene kayeza mpweya wolowa ndi kuuza kompyuta mlingo wa petulo, anati, "Oyilo wa pa koni anandimata kumaso, Amfumu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikunamiza kompyuta." Kanyali kochenjeza ka pa dashibodi kanati, "Ine ndinayaka. Anandimata tepi yakuda." Agogo ena aakazi, amene nyumba yawo ili m'mbali mwa njira, anati sanagone tulo chiyambire kukolola. Madzi a mu mtsinje wa Lunkhwakwa, pokhala si nyengo yawo, anangotumiza uthenga kwa anyamata onse amene atsitsa paipi yawo pansi, pafupi ndi bampala, pofuna mpweya wozizira: "Ife sitifinyika, tidzaonana mu Januwale." Aphunzitsi anaimiriranso kuti afotokoze momwe madzi olowa m'silinda apindira mkono wa pisitoni, koma kapaso anawayang'ana, ndipo anakhalanso pansi.

Apa kunadzuka kamvulumvulu kuchokera kumunda wa mtedza wokumbidwa kale, nadutsa pakati pa bwalo, nagwetsa chipewa cha nduna yaikulu. Ndipo atatha, mboni yomaliza inali itakhala kale pa nsapato za Amfumu, pa mapewa a anyakwawa ndi pa pepala langa lomwe, ine mlembi wa bwalo. Anali Fumbi. Atauzidwa kuti alumbire, anakana mwaulemu, nati dzina lake lili kale m'Buku Lopatulika, pa masamba oyamba enieni, ndipo palibe wina pabwalopo amene akadadzitama ndi umboni woposa umenewo.

"Zikomo Amfumu," anayamba motero, "zikomo nduna, zikomo nonse abale anga, pakuti ndikuyesani abale, podziwa kumene munachokera ndi kumene mukupita. Ine sindinadze kudzaneneza bambo awa avala zoyerawa, kutalitali; ndadza kudzawathokoza pamaso pa anthu, chifukwa wokuchitira zabwino umuyamike akali moyo.

"Dziko lino ndinali nalo mzinda uja wa Chipata usanatchedwe Fort Jameson, ndipo pamene unali likulu la North-Eastern Rhodesia, kufikira 1911, ndinkalowa m'maofesi a boma osagogoda. Magalimoto atayamba kuyenda pa msewu wa ku Lusaka, usanathiridwe tala, ndinati nthawi ya madyerero yakwana. Koma anthu a masiku amenewo anali ouma mtima, Amfumu. Malole awo, ma Land Rover ndi mathirakitala anali ndi mbale ya oyilo pakhomo pa injini. Mpweya unkatsika nukhota mwadzidzidzi pamwamba pa oyiloyo, ndipo ine, pokhala wolemera thupi, sindikhota msanga, ndinkangogweramo ndi kumira. Ana anga osawerengeka anathera m'mbale zimenezo, ndipo dalaivala ankawakhuthulira kuseri kwa sitolo m'mamawa, wopanda ndi maliro omwe. Pambuyo pake kunabwera pepala lopindapinda, lotsekeredwa m'bokosi, lokhala ndi mphira m'mphepete monse. Limenelo ndilo linali mdani wanga woipitsitsa, pakuti pamene ndinali kuunjikana pa ilo kuti ndilifooketse, m'pamene linali kugwira koposa, abale anga omwe nasanduka mpanda wonditsekereza. Kenaka boma linandilanda msewu waukulu ndi kuuthira tala, ndipo ndinatsala m'njira za kumidzi, wongodya makatani, mitu ya ana a sukulu ndi nsomba zouma za pamsika.

"Tsono taonani chisomo chimene chinandigwera mu ukalamba wanga. Tsiku lina ndili chikhalire pansi pa mtengo wa mango uja, ndinaona bambo awa akumasula bokosi lija, nalitaya pambali. Ndinayesa ndikulota. Kenaka anatulutsa chofiira chija m'katoni, nachikweza kudzuwa, nauza mnyamata uyu kuti, 'Taona, mphwanga, kuwala kukupyola. M'mene mupyola kuwala, mpweya ungalephere?' Amfumu, ndinagwetsa misozi, ine amene sindidziwana ndi madzi. Pakuti m'mene mupyola dzuwa, ine ndipyola ndi akazi anga, ana, adzukulu ndi alendo odzacheza. Ndipo ngati kuti zimenezo zinachepa, pomanga paipi anasowa chomangira chachitsulo, natenga chubu cha njinga, kutanthauza kuti okalamba a mtundu wanga, amene ali ndi matupi aakulu osapyola pa nsalu, anawatsegulira khomo laolao lakuseri.

"Aphunzitsi anena za makilogalamu, ine ndinena mwa njira yanga. Lita imodzi ya petulo ikamapsa, injini imeza malita a mpweya pafupifupi 10,000, ndipo m'njira ya kumudzi kuno, kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba, palibe lita imodzi ya mpweya imene ine mulibe. Mnyamata uyu, Mulungu amdalitse, akaona lole ya thonje ikupita ku jinale, sakhalira m'mbuyo ayi; aitsata pafupi penipeni, m'kati mwa mtambo wanga, kufuna kuipitirira, phazi lili pansi. Ndipo Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a m'maiko atatu asonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, iye anapita ndi kubwera tsiku lonse kunyamula anthu. Ine kumeneko ndiye kwathu, Gule Wamkulu akandidzutsa ndifika mpaka kunsonga za mitengo, ndipo usiku umenewo ndinabwerera ku Chipata pa galimoto, nditakhala malo aulemu.

"Mudzafunsa kuti m'katimo ndichitamo chiyani. Musandione kufewa pa nsapato zanu, Amfumu. Mafupa anga ndi mchenga, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo cha silinda. Ndikalowa ndikumana ndi oyilo, tipatsana moni, ndipo awirife tisanduka phala lomwe lija limene amakaniko anolera mavalavu, kungoti iwo agula m'kachitini, ine ndidza ulere. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, pisitoni ikwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo ulendo uliwonse indigwira dzanja ndi kundikhuza pakhoma. Ndinayamba ndi maring'i. Ndinapitiriza ndi khoma la silinda, kulipala mpaka linasalala. Mpata utakula, oyilo anayamba kukwera kumoto, ndipo utsi wobiriwira umene atsibweni adandaula nawo ndiwo unali mbendera yanga. Kenaka ndinatsikira m'sampu, ndipo pampu ya oyilo, mtumiki wokhulupirika, inandinyamula kundifikitsa ku mabeyaring'i onse, amene ndinawasunga kuti ndidzatsukire m'kamwa.

"Panali nthawi imodzi yokha imene ndinada nkhawa. Bambo awa anali atapaka oyilo pa nsalu ya koni, ndipo ana anga ena anali kukanirira pamenepo. Koma mnyamata atabwerera kukadandaula kuti galimoto ikumwa petulo mopitirira, iwo anaichotsa koniyo, naitsuka ndi petulo, naipopera mpweya wa kompuresa mpaka nsalu inang'ambika pawiri, naibwezera youma gwa, nalandira ndalama ya sevisi. Ine sindinapemphe zimenezi, Amfumu; anangondikomera mtima.

"Za kabotolo kapulasitiki kaja anena kuti kanalibe ntchito, ntchito yake inali kumeza phokoso la mpweya wolowa. Katachoka, injini inayamba kubangula, ndipo phokosolo ndilo linakhala kapaso wanga, woyenda patsogolo kundiitanira anthu. Mnyamata akamva kubangula ayesa ndi mphamvu, naponda moto. Akaponda moto kachitseko kaja katseguka konse. Kakatseguka konse ine ndilowa ndi mfumu ndi nduna zomwe. Anzake pa siteji atamva kulirako anafunsa kumene anaitchunira, ndipo tsopano pansi pa mango paja pafola mzere. Anyamata a magalimoto a Altezza, amene akuwa m'misewu ya m'tauni usiku anthu atagona, onsewo ndi nkhosa za busa yemweyu, ndipo ndiwayendera mmodzimmodzi. Akulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Ine ndingoonjezapo kuti pong'ambikapo sindisowa.

"Kuti bwalo lisandiyese wokondera, nditchule adani anga. Madalaivala a ma Land Cruiser otsikira ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, nawonso asintha njira ya mpweya; koma iwo akweza paipi m'mbali mwa galasi kufikira kudenga, kumene ine ndichepa ndipo madzi a pamtsinje safika, pepala lija nalisiya m'bokosi mwake, ndipo likadzaza agula lina. Anthu amenewo alibe chikondi, ndipo sindiwafunira zabwino.

"Potsiriza ndinene za mgwirizano wathu, ine ndi bambo awa, pakuti ndi wokoma kuposa chikwati chambiri chimene bwalo lino lamanga. Iwo atsegula khomo, nalandira ndalama. Ine ndilowa, ndidya miyezi ingapo. Injini ikafa, mwini wake aibweza kwa yani? Kwa iwo omwe. Ndipo aimasula, napukusa mutu, nanena kuti magalimoto a masiku ano ndi osalimba, nalandira ndalama ya ovaholo, yoposa yoyamba ija kakhumi. Munda umodzi, zokolola ziwiri. Sitinakanganepo ngakhale tsiku limodzi. Ndatha, Amfumu."

Bwalo linaseka mpaka ena kugwira nthiti, ndipo Amakaniko nawonso anaseka pang'ono, poona kuti dzina lawo lamveka. Nduna yaikulu inakumbukira kuti mayi ake a mnyamata anali asanafunsidwe, niwaitana. Iwo anadza chogwada, nakonza chitenje, nati, "Zinali ng'ombe zinayi, Amfumu." Nabwerera kumene anakhala.

Pano ine ndileka kuseka. Ng'ombe zimenezo mayiyu anazipyoletsa chilala cha 2024, chimanga chitauma m'minda chisanabereke, akuzitungira madzi pamutu kuchokera kuchitsime chakutali ndi kuzisakira mapesi kwa anansi. Anazigulitsa pamodzi ndi mtedza wa chaka chonse chifukwa anawerenga kuti takisi idzagula feteleza, ndipo chaka chino feteleza palibe, ng'ombe zolimira palibe, galimoto palibe. Mnyamatayo ndi wopusa, inde, koma ndi kupusa kwa ubwana, ndipo safunsa anadya phula. Koma munthu wa ovolosi yoyera uja si wopusa. Wamasula injini zambiri. Waliona dothi lofiira litamatirira m'khosi mwa injini, walipala ndi chala chake, adziwa kumene lichokera. Ndipo pikapu yake, imene anaiimika kuseri kwa nkhokwe ya Amfumu pobwera ku mlandu, ndinaisuzumira ndi maso angawa: bokosi lake lakuda lili pamalo pake, zomangira zonse zili zotseka, pepala lili m'kati, latsopano. Chimene agulitsa kwa ana a amasiye iye mwini sachiika pa galimoto yake. Umenewo si umbuli, ndi kuba, kuba kochitika masana ndi sipanala m'manja. Ndipo pamene mwana wogula phokosoyo athamanga kuti aone mahachi amene anamulonjeza, amene agwera m'ngalande ndi bambo wa njinga wosenza makala, ndi mayi wa dengu la tomato pamutu, amene sanagule kanthu kwa aliyense.

Amfumu, amene maso awo anali atatsekeka kwa kanthawi chifukwa cha kuzama kwa maganizo, anadzidzimuka pamene mwana anadza kudzanong'oneza kuti nsima yapsa. Anakhosomola, nafunsa nduna yaikulu ngati mboni zatha, ndipo osadikira yankho anagamula motere: Amakaniko abweretse pabwalo mahachi 20 aja mvula isanagwe, amoyo, okhala ndi michira, akalephera, alipe ng'ombe zinayi kwa mayiyu ndi mbuzi imodzi ya bwalo. Mnyamata agwire khasu. Bokosi libwezedwe kwa mwini wake nkhuku ikaswa, ndipo anapiye agawidwe pakati. Za Sensa, kanyali ndi tulo ta agogo, bwalo lidzaziona tsiku lina.

Amakaniko ananena kuti achita apilo. Aphunzitsi anayesa kukumbutsa Amfumu kuti bokosi lopanda injini silithandiza kanthu, koma anthu anali atayamba kale kunyamula mipando. Fumbi anapempha ndalama ya ulendo monga mboni yochokera kutali, ndipo nduna yaikulu, ikukung'untha chipewa chake pa bondo, inamuyankha kuti wadya kale.